Giya ya timakutu itakana pa Thabwa

Alamu anga anabwera kuchokera ku Johannesburg ndi kagalimoto ka ku Italy ka zitseko ziwiri, kotsika moti pa hampu iliyonse kamakhula mimba. Kalibe ndodo ya giya, umasintha ndi timakutu tiwiri ta kuseri kwa chiwongolero. Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa lija loti mbuzi zimabisala pansi pa ngolo, anatsika mapiri a Chikwawa kuchokera ku Blantyre, naima pa Thabwa. Pofuna kunyamuka, giya inakanirira pa N, paja galimoto siyenda.

"Alamu, giyabokosi yapita," anatero pafoni. Ndinawauza kuti asalole aliyense kugwira sipanala, ndinanyamuka pa Nchalo pa kabaza wa njinga yamoto.

Giya za mtunduwu, zomwe Ferrari inayamba kuika m'galimoto zapamsewu mu 1997 pa F355, mkati mwake ndi giya wamba yokhala ndi kalachi. Kungoti phazi ndi dzanja la dalaivala zinalowedwa m'malo ndi oyilo wopanikizidwa ndi pampu yamagetsi. Oyiloyo akafooka, galimoto yonse imakhala ngati yafa, chonsecho mano a giya ali bwinobwino.

Ndiye ndinayamba ndi khutu. Ukatsegula chitseko cha dalaivala, pampu imayenera kulira kwa timasekondi tingapo. Ndinatsegula: zii. Ndinayeza batire, linali ndi moto. Fyuzi inali yamoyo. Nditazula relay ya pampu, kaswichi kamagetsi komwe kamayatsa pampuyo, fungo lopserera linandiuza zonse. Ndinaikapo ina ya mphamvu yofanana, pampu inalira, giya yoyamba inalowa. Alamu anayamba kale kuvina, koma ine mtima sunakhale pansi, chifukwa relay sipsa yokha.

Tinayenda pang'onopang'ono mpaka pa Dyeratu, wailesi itazimitsidwa, ine ndikuwerenga. Pampu inkalira pafupifupi pa giya iliyonse yomwe asintha. Apa wolakwa ndi accumulator, kampira kachitsulo kokhala ndi mpweya wa nitrogen komwe kamasunga mphamvu ya oyilo. Kakatopa, pampu imagwira ntchito osapuma, imatentha, relay nkupsa. Onjezanipo kutentha kwa kuno kwa madigiri 40.

Kampirako tinachita kuitanitsa ku South Africa, kanabwera pa basi patatha masabata awiri. Musanakamasule, zimitsani pampu ndi kuonetsetsa kuti mphamvu ya oyilo yatheratu, apo ayi adzakuthirani m'maso. Oyilo wake ndi wapadera. Wina pagalaja ankati tithiremo wa buleki, ndinamubweza. Zotulutsa mpweya m'mapaipi ndi kuphunzitsa kompyuta pomwe kalachi ikugwirira tinakachitira ku Blantyre, kuno makina ake kulibe.

Pobwerera ndinawaona alamu akuigwira galimoto ndi mafuta pachitunda, kumbuyo kwa thiraki ya shuga yomwe inaima.

"Pondani buleki, alamu. Kalachi imeneyo mukuiotcha, ndipo imeneyo sibwera pa basi ndi ndalama yochepa."