Chiwindi chinang'ambika, kapamba anabisala kuseri

Sabata ino ndaimaliza ndili wotopa komanso wokwiya, ndiye ndati ndilembe mwina mtima ukhala pansi. Lolemba ndi Lachiwiri panalibe zachilendo: ma hernia anayi, appendix imodzi yophulika, kuzungulira m'mawodi, ndi mayi wina wa chikasu amene tikuganiza kuti kamwala katseka njira ya ndulu. Anzanga a ku fiyeta mukuwadziwa masiku otere, sindikutayitsani nthawi. Nkhani ndi ya Lachitatu usiku.

Cha m'ma 11 koloko anabwera naye mnyamata amene anagwa ndi njinga yamoto. Kunja analibe bala loopsa, kupatula kachidindo kofiira kozungulira m'munsi mwa chifuwa, pamene chiwongolero chinamugunda. Koma milomo inali mbuu, thukuta lozizira, BP 80/50, mtima ukugunda ka 130 pa mphindi. Nditaika ultrasound pansi pa nthiti zakumanja, mpata wa pakati pa chiwindi ndi impso unali bii. Magazi okhaokha. Ndinaimbira ku labu. Painti imodzi yokha yogwirizana ndi gulu lake.

Painti imodzi, pa chiwalo chimene pamphindi iliyonse chimalandira pafupifupi lita imodzi ndi theka ya magazi, gawo limodzi mwa magawo anayi a magazi onse amene mtima umapopa!

Titangotsegula m'mimba magazi anasefukira. Makina a suction, amene tawadandaula kwa miyezi itatu tsopano, ankangolira osakoka kanthu. Asisita anayamba kukapa ndi kidney dish, ine ndikukankhira ma pack, nsalu zopsinjira magazi, pamwamba ndi pansi pa chiwindi. Chinali chitang'ambika mbali yakumanja, ku segment 6, mng'alu wakuya ndithu. Amene munaphunzira zigawo 8 za Claude Couinaud mongoloweza kuti mukhoze mayeso, usiku ngati umenewu ndi pamene mumadziwa phindu lake: chigawo chilichonse chili ndi mtsempha wake wobweretsa magazi ndi kanjira kake ka ndulu, ndipo ukadziwa pamene uli umadziwanso chimene chikutuluka magazi.

Ma pack okha sanakwanire. Ndinalowetsa chala m'kabowo ka Winslow, kampata ka pansi pa chiwindi, n'kupana ndi chala chachikulu kamtolo ka mitsempha kolowa m'chiwindi. Mumdima muja zala ndi zimene zimaona. Kumbuyo kuli portal vein, yofewa, yonenepa ngati chala, imene imabweretsa magawo atatu mwa anayi a magazi a chiwindi kuchokera ku matumbo. Kutsogolo chakumanzere kuli hepatic artery, umaimva ikugunda. Kutsogolo chakumanja kuli njira ya ndulu. Dokotala James Hogarth Pringle analemba za njira yopanira mitsempha imeneyi ku Glasgow mu 1908, ndipo mpaka lero sifuna magetsi kapena makina. Nditapana, magazi anachepa. Ndinapumira m'mwamba, chifukwa akanapitiriza kutuluka ndiye kuti vuto linali kuseri, ku ma hepatic vein atatu amene amatulutsa magazi m'chiwindi n'kuthira mu vena cava, mtsempha waukulu wopita kumtima, ndipo kumeneko ndi painti imodzi sitikanapulumutsa munthu.

Tinaika clamp, dokotala wogonetsa akuwerenga mphindi: 15 kupana, 5 kumasula. Ndinamanga timitsempha tiwiri tooneka n'kusoka. Kenako mnzangayo anasuzumira pamwamba pa nsalu.

"Adokotala, tsekani. Wazizira mwanayu, ndipo magazi aja atha."

Ankanena zoona. Koma kachidindo kaja kankandivutabe maganizo. Sikanali pa nthiti zakumanja, kanali pakati penipeni. Kuseri kwa malo amenewo, ukadutsa chifu, kuli kapamba, amene pa Chingerezi amati pancreas.

Chiwindi chikavulala chimafuula. Kapamba amakhala chete. Ndi kachiwalo kofewa, kotalika masentimita pafupifupi 15, kogona chopingasa kumbuyo kwenikweni kwa mimba. Mutu wake unalowa m'khota la duodenum, chiyambi cha matumbo aang'ono, khosi lake limadutsa pamwamba pa pamene portal vein imayambira, thupi lake linatsamira pa fupa la msana, ndipo mchira umakafika ku spleen, chiwalo cha pansi pa nthiti zakumanzere. Chiwongolero chikakankha kuchokera kutsogolo, kapamba alibe kothawira. Amapanidwa ndi msana n'kuthyoka. Ukangotsegula m'mimba n'kuyang'ana sumuona, uyenera kumutsata dala.

Ndinapempha mphindi zisanu. Ndinadula mafuta olumikiza chifu ndi thumbo lalikulu, n'kunyamula chifu, n'kulowa mu lesser sac, mpata wa kuseri kwa chifu. Kapamba anali atang'ambika pamwamba pa msana penipeni, pafupifupi kuduka pawiri, njira ya Wirsung, imene imanyamula timadzi take togaya chakudya, itatseguka. Timadzi tamo timagaya mafuta ndi mapuloteni, ndipo tikatayikira m'mimba sitisankha kuti ichi n'chakudya kapena ndi mnofu wa mwini wake. Tikanatseka osaona, bwenzi patatha masiku atatu tikudabwa kuti mnyamata amene tamusoka bwino chiwindi akutupiranji mimba ndi kutentha thupi. Ndipo tikanadziwira pati? Labu ilibe mankhwala oyezera amylase, imene imakwera m'magazi kapamba akavulala, CT scan inawonongeka.

Thupi la mnyamatayo silikanapirira opaleshoni yaitali. Tinaika ma drain awiri, timachubu totulutsa madzi m'mimba, kusiya ma pack, n'kutseka mongoyembekezera. Ndinatuluka cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, nsapato zili nyowe.

Lachinayi pa msonkhano wam'mawa ndinayankhula za suction, magazi ndi amylase. Akuluakulu anayankha kuti nkhaniyo akuidziwa ndipo ili m'manja mwawo. Mawu omwewa ndinawamva mwezi watha. Chimene chikundiwawa n'chakuti wodwala akapulumuka, lipoti limangoti opaleshoni inayenda bwino, ndipo palibe amene amalemba kuti namwino ankakapa magazi ndi mbale. Magazi ena anapezeka chifukwa achibale ndi ophunzira awiri a unamwino anapereka awo. Tsiku lonselo ndinagwira ntchito mutu ukulemera, moti odwala a ku kiliniki sindinawapatse nthawi imene amayenera kulandira.

Lachisanu tinabwerera naye ku fiyeta. Tinachotsa ma pack pang'onopang'ono tikuthira madzi ofunda, chiwindi chili chouma, ndulu sikudontha. Kapamba tinachotsa thupi ndi mchira pamodzi ndi spleen, popeza mitsempha ya spleen imayenda chomamatira kuseri ndi m'mphepete mwake ndipo inali itavulala.

Kufotokozera mayi ake kunandivuta, chifukwa mawu oti kapamba ambiri timatchulira ziwalo zonse ziwirizi, pancreas ndi spleen. Ndinajambula papepala.

"Mayi, ichi chimathandiza kulimbana ndi matenda, tachichotsa chonse, ndiye akangotentha thupi muzithamanga naye kuchipatala. Uyu ndi amene amapanga insulin yochepetsa shuga m'magazi. Tamusiyira mutu, ndipo nthawi zambiri umakwanira."

Anayang'anitsitsa pepalalo, n'kulipinda bwinobwino. "Zikomo adokotala. Ndingamuone?"

Lero m'mawa mnyamatayo wapempha madzi akumwa. Drain ikutulutsa pang'ono, shuga tikumuyeza kawiri patsiku m'malo mwa kanayi chifukwa ma strip atsala ochepa. Katemera amene munthu wochotsedwa spleen amayenera kulandira ku famase kulibe, ndalembera kalata. Lolemba ndili pa call kachiwiri, ndipo nditadutsa ku labu ndapeza m'firiji muli mapainti atatu a chipatala chonse.