Zaka 5 tikukonza mabuleki a njinga ku Mbare

Mwezi uno shedi yathu yokonzera njinga kuno ku Mbare, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, yakwanitsa zaka 5. Tinayamba ndi sipanala ya 10, Allen key ya 5 ndi pulayala imodzi. Lero njinga zikubwera kuchokera ku Highfield, Mufakose mpaka ku Epworth, ndipo chomwe chatitchukitsa ndi mabuleki. Timanyadira zimenezi, chifukwa munthu wonyamula makreti a tomato kuchokera pa msika waukulu wa Mbare Musika moyo wake uli pa timphira tiwiri tating'ono.

Chaka chachiwiri tinatsala pang'ono kutseka. Wogulitsa wina wapikulitsa anatipatsa mpukutu wa paipi yodutsamo kebulo, n'kunena kuti ndi ya mabuleki, pomwe inali ya magiya. Kunja zimafanana, koma mkati ayi. Ya mabuleki ndi ya mamilimita 5 ndipo chitsulo chake n'chopiringiza ngati sipuling'i. Ya magiya ili ndi timawaya toyenda mlitali, ndipo ukakoka buleki mwamphamvu imaphulika, liva n'kungogwera pa hendulo. Njinga zonse zomwe tinaikamo paipiyo tinaziitanitsa n'kusintha ulere, mpamba wonse unathera pomwepo. Bambo ameneyu anakana kubweza ndalama. Adziwe kuti akugulitsa chinthu chokhudza miyoyo ya anthu. Kuyambira pamenepo paipi iliyonse timayamba taidula n'kuona mkati, ndipo kebulo timayeza: ya buleki ndi yokhuthala, pafupifupi mamilimita 1.6, ya magiya ndi 1.2.

Njinga ya V-brake, mabuleki aja a mikono iwiri yaitali m'mbali mwa gudumu, ikafika, sitithamangira kukoka kebulo ngati mmene ambiri amachitira. Timayamba tazunguza gudumu. Ngati rimu ikuvina, timawongola masipoko kaye, apo ayi buleki imangokhula mbali imodzi. Kenako timphira. Timizere take tikafufutika, tatha basi. Tikakhala kuti tidakali bwino, timatokosa mchenga ndi tizitsulo tolowa m'mphira, chifukwa n'timene timadya rimu, makamaka nyengo ya mvula kuyambira Novembala mpaka Malichi. Kamphira kazigunda pakati pa rimu. Kakakwera kamang'amba tayala m'mbali, kakatsika kamatha kulowa m'masipoko. Kutsogolo kwake kuziyamba kukhudza rimu, kumbuyo kutsale mpata wa milimita imodzi. Kulira kuja kwa buleki kumatha ndi zimenezi, osati ndi oilo. Chonde, oilo kapena girizi pa rimu musayerekeze.

Tikatero timabweza kanati kosinthira ka pa liva mkati, n'kusiya mizere iwiri yokha, timamasula bawuti yogwira kebulo, n'kukoka mpaka kamphira kalikonse katalikirane ndi rimu mamilimita 2 kapena kucheperako. Mbali imodzi ikamakakamira, pali tisikuluwu ting'onoting'ono m'munsi mwa mikono ya buleki. Kumanga kumachotsa kamphira ku rimu, kumasula kumakayandikitsa, theka la kuzungulira pa nthawi imodzi.

Liva anthu amainyozera. Ikakokedwa mpaka mapeto, pazitsala mpata wolowa zala ziwiri pakati pa iyo ndi hendulo. Izipendekera pansi kuti dzanja likhale lowongoka ndi mkono. Ndipo liva si iliyonse: ya V-brake imakoka kebulo yaitali, ya mabuleki akale a caliper, aja ooneka ngati chopanira pamwamba pa tayala, imakoka yaifupi. Mukaika liva ya caliper pa V-brake imafewa n'kufika pa hendulo njinga isanaime bwino. Mukatembenuza, imalimba ngati mwala koma mphamvu palibe. Liva ikamabwerera mwaulesi, nthawi zambiri ndi dzimbiri m'paipi. Kebulo ikayamba kusasuka, ngakhale kawaya kamodzi, timataya.

Njinga zakuda zija za mabuleki a ndodo timazikonzanso, pamenepo ntchito ili pa timanati ta ndodo ndi kuwongola zomwe zapindika. Njinga za mtundu wa Buffalo zoponda chobwerera, buleki yake ili mkati mwa habu, ndipo timaonetsetsa kuti kamkono kake kamangidwa zolimba ku felemu.

Tithokoze Mulungu potisunga. Tithokoze makolo athu a kuno ochokera ku Malawi amene anatibweretsera njinga zawo tisanadziwike, amayi a ku mpingo amene anatikongoza ndalama ya chipereganyu pa nthawi yovuta ija, anzathu owotcherera ku msika wa amisiri wa Siyaso, achinyamata athu awiri amene amafika m'mamawa kuzizira kwa Juni, komanso inu makasitomala amene munabwerera njinga zanu titaziitanitsa, osatinyoza.

Mwezi uno wonse kuyeza mabuleki ndi kwaulere. Timphira, makebulo, mapaipi ndi maliva tili nazo, ndipo timalandira madola ndi ndalama ya kuno ya ZiG yomwe. Bweretsani njinga ya mwana wa sukulu mvula isanayambe, tidzaikonza inu mukuona.