Kuwerengera mtunda ndi nthawi ya ulendo wa pandege pakati pa mabwalo awiri

Ndikafuna kudziwa kuti ulendo wa pandege utenga nthawi yotani, ndimayamba ndi zilembo zitatu za bwalo lililonse, osati dzina la mzinda. Mwachitsanzo, ku Nairobi kuli bwalo la Jomo Kenyatta, lomwe zilembo zake ndi NBO, komanso la Wilson, WIL, komwe kumanyamukira ndege zing'onozing'ono. Mukasokoneza pamenepa mudzapezeka pabwalo lina, ndege yanu ikunyamukira kwina. Tiyeni titenge ulendo wochokera ku NBO kupita ku Mombasa, MBA.

Zilembozo ndimazilemba pa tsamba la pa intaneti lowerengera mtunda wa mumlengalenga, ndipo limapereka makilomita pafupifupi 420. Mapu a galimoto musawatengere, chifukwa pamsewu ndi pafupifupi 480. Yang'aninso muyezo womwe tsambalo lagwiritsa ntchito. Oyendetsa ndege amawerenga mu nautical mile, yomwe ndi makilomita 1.852, ndiye mukaona 227 dziwani kuti ndi mtunda womwewo.

Kenako ndimafufuza mtundu wa ndege, womwe nthawi zambiri umalembedwa pogula tikiti. ATR 72, ya mapulopela, imathamanga makilomita pafupifupi 510 pa ola. Boeing 737, ya jeti, imafika cha m'ma 840. Kugawa 420 ndi liwiro limenelo, ATR ikupereka mphindi 50 ndipo Boeing 30.

Apa ndi pamene ambiri amalekera, koma masamu sanathe. Liwiro lija ndi la ndege ikakhazikika m'mwamba, ndipo pa ulendo waufupi chonchi siikhalitsako: ikangomaliza kukwera, posakhalitsa yayamba kutsika. M'mayiko ambiri ndege ikakhala pansi pa mafiti 10,000 siloledwa kupitirira ma knot 250, omwe ndi makilomita 463 pa ola, choncho Boeing imayenda gawo ndithu la ulendo pa liwiro losasiyana kwenikweni ndi la ATR. Njira nayonso siwongoka ngati chingwe. Ndege imanyamuka ndi kutera moyang'anizana ndi mphepo, ndiye nthawi zina imayamba yalowera kwina n'kukhota, kapena kuzungulira bwalo isanatere. Mphepo ya m'mwamba ikamawomba kuchokera kutsogolo pa makilomita 60 pa ola, ATR ija imakhala ikuyenda 450 poyerekeza ndi pansi, ndipo mphindi 50 zija zafika 56. N'chifukwa chake popita ndi pobwerera nthawi imatha kusiyana.

Nthawi yolembedwa pa tikiti imayambira pamene ndege yachoka pamalo ake oimikapo mpaka itaimanso kumene ikupita, kuphatikizapo kuyenda pansi ndi kudikira mpata wonyamukira. Ine ndimaonjezera theka la ola pa masamu a jeti, ndi mphindi ngati 20 pa ya mapulopela. Boeing ikufika ola limodzi, ATR ola ndi mphindi 10. Kusiyana kwakeko n'kochepa moti pa mtunda wotere sindisankha ndege poona liwiro. Ndimaona nthawi yonyamukira.

Chomaliza n'kuona ngati mabwalo awiriwo amayendera nthawi imodzi, pakuti tikiti imalemba nthawi ya komwe ndege ikunyamukira ndi ya komwe ikukatera. Nairobi ndi Mombasa n'chimodzimodzi. Koma Kigali ili m'mbuyo ndi ola limodzi, ndiye pa ulendo wochokera ku Nairobi kupita kumeneko muonjezere ola pa kusiyana komwe mukuona pa tikiti, ndipo pobwerera mulichotse.