Mu gemu ukafa umadzukanso

Pa nkhani ya magemu a pa kompyuta ndi maphunziro ndimapezeka ndikutsutsana ndi anthu a mbali zonse ziwiri. Aphunzitsi anzanga ambiri amati magemuwa atilanda ana, mwana akangogwira foni ndiye kuti buku latha ntchito. Ndiye pali aja otsatsa mapulogalamu a sukulu, amene amalankhula ngati kuti ukangothira mapointi ndi timamendulo m'phunziro, mwana aziphunzira yekha mphunzitsi ali khale. Ine ndimaphunzitsa fizikisi ku sekondale, ndipo zomwe ndaona n'zakuti magemu ali ndi chinthu chimodzi chimene sukulu ikuchisowa kwambiri, koma sukulu itapita kukabwereka inabwerako ndi china. Chinthucho ndi chakuti mu gemu kulakwitsa sikupweteka.

Mwana wa mchemwali wanga ali ndi zaka 12 ndipo Minecraft ndi moyo wake. Kwa amene simunaionepo, ndi gemu imene dziko lonse ndi timabokosi ta dothi, miyala ndi mitengo, ndipo wosewera amakumba n'kumanga chimene wafuna. Inachokera ku kampani ya Mojang ya ku Sweden, inatuluka yathunthu mu 2011, Microsoft inaigula mu 2014 pa madola 2.5 biliyoni, ndipo mu 2016 anatulutsa ina yopangira masukulu. M'gemumo muli fumbi lofiira lotchedwa redstone, limene ukaliyala pansi limanyamula mphamvu ngati waya. Mnyamatayu ankafuna chitseko choti chizitseguka pokhapokha maswichi awiri akayatsidwa onse. Madzulo ena ndinakhala pambali pake n'kumaonerera. Wayala fumbi lija, wayatsa, chitseko chili duu.

"Dikirani amalume, mphamvu ikuthera panjira."

Ankadziwa kale kuti mphamvu ya redstone imayenda mabokosi 15 okha kenako imazilala, choncho anaikapo kachida koitsitsimutsa. Chitseko chinayamba kutseguka, koma ndi swichi imodzi yokha, zomwe iye sankafuna. Anagumula n'kuyambiranso. Chinakana. Anagumulanso, uku akuimba mluzu. Kenako anakumbukira kuti kamuuni ka redstone kamachita zinthu mozondoka: kakalandira mphamvu kamazima, mphamvu ikachoka kamayaka. Atalumikiza timiuni titatu, zinatheka. Chimene anamangacho akatswiri a makompyuta amachitcha AND gate, ndipo ndaonapo ophunzira akuluakulu akuchiloweza usiku wa mayeso mutu ukuwawa.

Mnyamata yemweyo mukamupatsa samu ya kusukulu n'kuilakwa kamodzi, amatseka kope n'kunena kuti masamu si mbali yake. Mutu ndi womwewo. Chasiyana n'chakuti mu gemu yankho limabwera pompopompo, palibe womuseka, ndipo kugumula sikumuchotsera malikisi. Kusukulu alemba lero, kope libwerera sabata yamawa lili psuu ndi inki yofiira, pomwe iye anaiwala kalekale zomwe ankaganiza polemba. Malikisiwo amakalowanso m'lipoti n'kumamutsata.

Maganizo oti munthu aziphunzira pamalo pomwe angalakwitse osavulala si a lero ayi. Mu 1929 Edwin Link wa ku America anapanga kabokosi kokhala ngati kutsogolo kwa ndege, kamene kankapendekeka wophunzira akakoka chiwongolero, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse oyendetsa ndege masauzande ambirimbiri anaphunzirira mmenemo. Woyendetsa ndege sangaphunzire kutera mumdima pogwetsa ndege yeniyeni. Mu 1967 Seymour Papert ndi anzake anapanga Logo, chilankhulo cha kompyuta cha ana, chimene chinadziwika ndi kakamba kamene mwana amakauza kuti pita kutsogolo, khota kumanja, ndipo kakambako kamajambula mzere momwe kadutsa. Kamba akalowera kolakwika, mwana sanena kuti ndalephera. Amabwerera kukafufuza lamulo limene lasokoneza. Scratch, chilankhulo china cha kompyuta cha ana chimene chinatuluka ku yunivesite ya MIT mu 2007, ndi mdzukulu wa kamba uja.

M'kalasi mwanga ndimagwiritsa ntchito kwambiri PhET, timalabotale ta pa intaneti taulere timene Carl Wieman, amene analandira mphoto ya Nobel ya fizikisi mu 2001, anayambitsa ku University of Colorado mu 2002. Muli kena komwe ana amalumikiza mabatire, mababu ndi mawaya pa sikirini, n'kumaona timadontho ta magetsi tikuyenda. Ukalumikiza waya kuchoka kumapeto kwa batire kupita kumapeto enawo popanda babu pakati, batireyo imayaka moto pa sikirinipo. Ana amafa nazo kuseka, ndipo chinthu choyamba chimene aliyense amachita ndi kuyatsa motowo mwadala. Ndimawasiya. Mwana amene waotcha yekha batire safunanso kuti ndimufotokozere kawiri kuopsa kwa mawaya ogundana.

Koma ndikangowasiya motero ola lonse, amatuluka atasangalala, m'mutu muli mbee. Amangodina apa ndi apo mpaka babu itawala, osadziwa chomwe chaiwalitsa. Ndiye ndinaika lamulo: usanakhudze kompyuta, lemba m'kope zimene ukuganiza kuti zichitika. Mababu awiri ali pa mzere umodzi, ndikawonjezera yachitatu, kuwala kuwonjezeka kapena kuchepa? Lemba, kenako yesa. Pamenepa ndiye pamakhala phokoso lenileni, chifukwa ambiri amalemba kuti babu yoyandikana ndi batire iwala kuposa zinzake, poganiza kuti iyo ndiyo iyambe kudya magetsi. Akayesa, zonse zikuwala mofanana. "Aphunzitsi, kompyutayi ikunama!" Mawu amenewa ndikawamva ndimadziwa kuti phunziro layamba. Kenako timatulutsa mawaya enieni, ndipo kumeneko amakakumana ndi zinthu zomwe pa sikirini kulibe: waya wosagwira bwino, batire yofooka, babu yopsa.

Dziko la mu gemu limaphunzitsa malamulo ake, osati a dziko lino. Mwana wa mchemwali wanga uja, katswiri wa redstone, nditamupatsa batire, babu ndi mawaya awiri, anatenga waya umodzi, kuulumikiza ku batire ndi ku babu, n'kumadikira kuti iwale. Winawo ankauona ngati wapadera. Mu Minecraft mphamvu imangochoka pa gwero n'kupita, sifunika njira yobwerera, pomwe magetsi enieni sayenda ngati njirayo sinazungulire n'kubwerera ku batire. Gemuyo ilibe mlandu, sinalonjeze kuti ndi buku la fizikisi. Koma pakanapanda munthu womufunsa kuti "nanga waya winayu ndi wachiyani?", akanakula ndi chithunzi cholakwika, n'kumachikhulupirira ndi mtima wonse popeza anachiona chikugwira ntchito. Paja ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri.

Tsono chimene sukulu zambiri zinabwereka ku magemu ndi mapointi, timamendulo, ndi mndandanda wosonyeza amene ali pamwamba. N'zosavuta kuzimata pa phunziro lililonse, n'chifukwa chake zafala. Pali timapulogalamu ta mafunso tomwe funso limaoneka kutsogolo, ana n'kumayankha pa mafoni, ndipo woyankha msanga amapata mapointi ochuluka. Kalasi imatentha, sindikana. Koma ndili ndi mtsikana wina wofatsa amene funso lililonse amaliwerenga kawiri, n'kujambula kachithunzi pambali asanayankhe. Amakhoza pafupifupi onse, koma dzina lake silifika pamwamba chifukwa anyamata ongopenekera amakhala atadina kale. Khalidwe lomwe ndikufuna ana onse atengere kwa iye ndi lomwe gemuyo ikumulanga nalo. Masiku ano ndikamachititsa mafunso otere ndimazimitsa zowerengera liwiro, ndipo ndimangowagwiritsa ntchito pobwereza zomwe tinaphunzira kale, poti kukumbutsa ubongo pafupipafupi kumathandizadi kuti zinthu zisaiwalike.

Akatswiri a kaganizidwe ka munthu anachenjezapo kalekale za mphoto zamtunduwu. Mu 1973 Mark Lepper, David Greene ndi Richard Nisbett anatenga ana a mkaka okonda kujambula, ena n'kuwalonjeza kasatifiketi akajambula, ena osawalonjeza kanthu. Patapita masiku, atawapatsanso zojambulira popanda mphoto, aja olonjezedwa ankajambula mochepa kuposa anzawo. Chimene ankachita mochikonda chinasanduka ganyu. Ndimaziona kwa mnzanga wina amene akuphunzira Chifalansa pa foni. Pulogalamu yake imawerenga masiku omwe waphunzira mosadukiza, ndipo nthawi ikamathamangira pakati pa usiku amadzambatuka n'kubwereza kaphunziro kophweka koyambirira kuti nambala ija isagwe. Nambala ikukula ndithu. Za Chifalansacho tisakambe.

Maiko ongopanga a pa intaneti nawo ali ndi mbiri yoseketsa. Second Life itatsegulidwa ndi kampani ya Linden Lab mu 2003, mayunivesite ambiri anathamangira kukagula zilumba mmenemo, ndipo mu 2006 sukulu ya zamalamulo ya Harvard inachititsamo maphunziro. Ili ndi dziko lomwe munthu umatha kuuluka, kumanga chilichonse, kusanduka chilichonse. Kodi ambiri anamangamo chiyani? Nyumba zophunziriramo, mipando pa mizere, bolodi kutsogolo, kuti chidole choimira wophunzira chikhale pansi n'kumamvera chidole choimira mphunzitsi. Zilumba zambiri zinasanduka mabwinja. Facebook itasintha dzina la kampani kukhala Meta mu 2021, nyimbo yomweyo inayambanso, pano ndi magalasi ovala kumaso. Ine funso langa kwa aliyense wobwera ndi zida zotere ndi limodzi: mwana achitamo chiyani chimene sangachite pa desiki? Ngati ndi kulowa mkati mwa mtima wa munthu n'kuona magazi akudutsa, kapena kuyeserera opaleshoni wodwala asanagone patebulo, ndikumvetsera. Ngati ndi kukhala pansi n'kumamvera, tili nazo kale.

Chitsanzo chimene chimandisangalatsa ndi Foldit, gemu imene University of Washington inatulutsa mu 2008. Osewera amapinda ndi kupotokola mapuloteni pa sikirini kufunafuna maonekedwe okhazikika kwambiri. Mu 2011 osewerawa, ambiri mwa iwo osaphunzira sayansi imeneyi, anapeza m'milungu yochepa maonekedwe a puloteni ya kachilombo kena koyambitsa matenda onga Edzi mwa anyani, imene inasautsa akatswiri kwa zaka zoposa khumi. Umu mapointi analimo, koma ankayeza chinthu chenichenicho, kukhazikika kwa puloteniyo. Kusewera bwino ndi kumvetsa bwino zinali chinthu chimodzi. Magemu ambiri otchedwa ophunzitsa amalephera pomwepa: mwana amaombera zilombo, kenako gemu iima kuti ayankhe samu, akayankha abwerere kozilombo kuja. Samu ija yasanduka msonkho wolipira kuti usewere, ndipo ana sachedwa kuzindikira.

Za kufikira anthu ambiri, intaneti yachita zodabwitsa, koma manambala ake amafuna kuwerengedwa mpaka kumapeto. Mu 2011 Sebastian Thrun ndi Peter Norvig atatsegula pa intaneti phunziro lawo la nzeru za makina la ku yunivesite ya Stanford, analembetsa anthu pafupifupi 160,000, omaliza anali pafupifupi 23,000. Omalizawo ndi ambiri kuposa amene mphunzitsi angawaone maso ndi maso moyo wake wonse, komabe ochuluka anathera panjira. Ku Peru boma linagawa malaputopu a One Laptop per Child ku masukulu a pulayimale, ndipo kafukufuku wa Inter-American Development Bank wa mu 2012 sanapeze kuti ana ayamba kukhoza bwino masamu kapena chilankhulo. Mu 2020 Covid-19 itatseketsa masukulu, UNESCO inati ophunzira pafupifupi 1.6 biliyoni anakhudzidwa, ndipo tonse tinadzionera tokha kuti mwana wopanda chipangizo, netiweki kapena munthu womulondoloza amangosowa pa sikirini mwakachetechete. Makolo odandaula nawonso sakulota: bungwe la WHO linavomereza mu 2019 kuti kumwerekera ndi magemu mpaka kusokoneza moyo ndi matenda, ngakhale kuti osewera ambiri safika pamenepo.

Chimene ndikuyesa panopa sichifuna magalasi kapena zilombo. Timayeso ta kumapeto kwa mutu uliwonse ndinatiika pa kompyuta, manambala a m'mafunso amasintha nthawi iliyonse, ndipo mwana ali ndi ufulu wolembanso. Lamulo ndi lakuti asanabwereze alembe chiganizo chimodzi chonena pomwe anaphonya ndi chifukwa chake. Ena amalemba zachibwana, "ndinasokonezeka", ndipo ndimawabweza. Koma ndalandirapo zina monga "ndimaganiza kuti magetsi amatha akamadutsa m'babu", ndipo chiganizo chotere chimandiuza zambiri kuposa malikisi.

Zovuta zilipo. Mafunso ofuna kufotokoza kompyuta siingachonge momwe ndikufunira, ndiye mulu wa mapepala patebulo panga wakula. Pali ana ena amene ulendo woyamba amangolemba mwachisawawa kuti aone mafunso. Ndipo mayeso akuluakulu otsiriza akadali a mpata umodzi, choncho teremu ikamatha ndimayenera kuwazoloweretsanso kulemba kamodzi, wotchi ili pakhoma. Mphunzitsi wamkulu anandifunsa kuti m'lipoti ndizilemba malikisi ati, oyamba kapena otsiriza, poti makolo ena ayamba kufunsa ngati n'chilungamo kuti wokhoza ulendo woyamba afanane ndi wokhoza atabwereza. Ndinawayankha kuti, "Ahedi, ndizilemba otsiriza, koma oyambawo ndiziwasunga, amene akufuna adzawaone." Anagwedeza mutu n'kunena kuti tikakambirane pa msonkhano wa aphunzitsi teremu yamawa.