Sabata ya mafomu: kusunga zinsinsi za anthu ofunsidwa za miyambo ku Chipata

Boma likafuna kumva maganizo a anthu pa kasamalidwe ka miyambo ndi malo akale, magulu amapita kukachititsa misonkhano m'midzi ya ku Katete, Chadiza, Kasenengwa ndi kuno ku Chipata. Iwo akabwerako m'pamene ntchito ya ife osunga zolembedwa imayamba.

Lolemba timalandira katundu: kaundula wa opezeka pamsonkhano, mafomu a chilolezo, mafomu a mayankho, ndi timakadi ta makina ojambulira mawu. Mapepala timawawerenga limodzilimodzi pamaso pa wobweretsayo, n'kusayinirana m'buku. Ngati mtsogoleri wa gulu analemba mafomu 40 koma mu envelopu mwapezeka 38, awiriwo ali penapake, kaya m'galimoto, kaya pabenchi kusukulu kumene kunali msonkhano. Amafunidwa tsiku lomwelo, chifukwa lamulo la Data Protection Act, nambala 3 la 2021, limati zinsinsi za anthu zikatayika kapena kugwera m'manja olakwika, ofesi ya Data Protection Commissioner iuzidwe pasanathe maola 24.

Kaundula ndiye pepala limene anthu amalipeputsa kwambiri. Pamzere umodzi pamakhala dzina, mudzi, nambala ya foni, nambala ya reji (chitupa cha unzika) ndi siginecha, ndipo pepalalo limayenda dzanja ndi dzanja mpaka kumapeto kwa bwalo, aliyense akuwerenga za mnzake. Wina akangolijambula pafoni, akathyali aja otumiza mauthenga oti "ndalama ija tumizani pa nambala iyi" apeza pokolola. Nambala ya reji ntchito yake ndi imodzi, kubwezera ndalama za mayendedwe, choncho pepala lake limapita kwa owerengera ndalama basi. Siliyenera kugona mufayilo imodzi ndi maganizo a munthu.

Lachiwiri ndi lolekanitsa dzina ndi yankho. Fomu yokonzedwa bwino imakhala ndi kachigawo kapamwamba kong'ambika, pamene pali dzina ndi foni. Kachigawoko ndi mayankho ake timazilemba nambala yofanana, monga KAT-03-017, kutanthauza Katete, msonkhano wachitatu, munthu wa 17. Kenako timang'amba. Timitu timalowa m'kabati yokhoma, mayankho amapita kwa olemba pakompyuta, ndipo mndandanda wolumikiza nambala ndi dzina umakhala mufayilo yotseka ndi pasiwedi yodziwa anthu awiri okha.

Timayang'ananso chilolezo. Agogo amene anadinda chala pafomu ya Chingerezi chokhachokha, popanda mboni yosayinira kuti anawawerengera m'Chinyanja, sanalole kalikonse, angodinda. Chidindo cha chalacho nachonso lamulo limachiyika m'gulu la zinsinsi zofunika chitetezo chapadera. Achinyamata ndiwo amasokoneza ofunsa ambiri. Reji imatengedwa pa zaka 16, ndiye wofunsa akaona reji amaganiza kuti munthuyo ndi wamkulu, pamene wosakwana zaka 18 amafunika chilolezo cha kholo kapena womulera. Fomu yotere timaiyika pambali mpaka chilolezo chipezeke.

Lachitatu timamvera mawu ojambulidwa, ndipo apa m'pamene kufunsa za miyambo kumasiyana ndi kufunsa za misewu kapena mijigo. Lamulo la 2021 lija limatchula mtundu wa munthu ndi chikhulupiriro chake ngati zinsinsi zapadera, ndipo nkhani ya miyambo siyenda popanda ziwirizi. Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005, ndipo pa Kulamba ku Mkaika amavinidwa poyera pamaso pa Kalonga Gawa Undi, koma izi sizikutanthauza kuti za kudambwe ndi za aliyense. Mkulu wina akatenthedwa ndi nkhani amatha kutchula zimene osameta sayenera kumva. Wina angaulule kuti ngwometa pamene kumpingo kwake ndi mkulu wa mpingo, ndipo zikamveka akhoza kudulidwa. Anamkungwi nawo amatha kulowa m'kati mwa mwambo wa chinamwali osakumbuka kuti makina akujambula.

Mbali zotere sitizilemba liwu ndi liwu. Wolemba amangolemba mphindi imene zayambira ndi imene zathera, monga 14:20 mpaka 17:05, n'kulemba kuti "nkhani ya mwambo, yosalembedwa". Mfundo yokhudza boma imatengedwa, mwachitsanzo kuti malo a dambwe akulimidwa, koma chinsinsicho chimasiyidwa. Palinso lamulo nambala 16 la 2016 loteteza nzeru za makolo ndi zaluso za chikhalidwe, limene limafuna kuti eni ake ayambe alola asanazigwiritse ntchito ena. Ine ndimaona kuti zimenezi zimayenera kuthetsedwa pabwalo pomwepo, wofunsa azimitse makina nkhani ikangoloza kudambwe.

Zithunzi nazo zimaulula. Foni imasunga m'chithunzi malo enieni amene chinajambulidwa. Mapanga a zojambula zakale a Mkoma ndi Thandwe ndi odziwika kale, ndipo amatetezedwa ndi National Heritage Conservation Commission pansi pa lamulo la 1989. Koma akuluakulu akaonetsa kachisi kapena manda a mafumu osalembedwa paliponse, chithunzicho timachichotsa chizindikiro cha malo chisanapite kwa wina aliyense. Ndipo palibe chotumizidwa pa WhatsApp kapena kuikidwa pa Google Drive. Lamulo limafuna kuti zinsinsi zapadera zisungidwe pa seva ya muno m'Zambia.

Lachinayi ndi la lipoti, tsiku lolemetsa kuposa onse. Kufufuta dzina sikubisa munthu. Kumudzi munthu amadziwika ndi mawu ake ngati mmene amadziwikira ndi kayendedwe ali patali. Mukalemba kuti "namkungwi wa zaka 71 wa m'mudzi wakutiwakuti anati malo a mwambo anagulitsidwa kwa ophwanya miyala", mwamuloza ndi chala, pakuti m'mudzimo namkungwi wa msinkhu umenewo ndi mmodzi. Mawa lake ndiye akaitanidwa kubwalo, munda wake uli m'manja mwa amene wawanenawo. Choncho zaka timazilemba m'magulu, monga 60 kupita m'tsogolo, mudzi timaulowetsa m'dzina la dera lonse, monga Katete, ndipo mwambi kapena kalankhulidwe kodziwika ka munthu timakachotsa. Gulu lililonse losakwana anthu asanu patebulo ya ziwerengero timaliphatikiza ndi lina.

Cholakwika chofala ndi cha Excel. Munthu amabisa mzere wa mayina n'kutumiza fayilo, osadziwa kuti wolandirayo akhoza kuubwezeretsa podina kawiri. Mzerewo umayenera kufufutidwa mufayilo yatsopano, ndipo mnzako aitsegule pakompyuta ina isanatuluke mu ofesi.

Nthawi zina kumabwera nduna ya mfumu kudzafunsa amene analankhula mawu ena pamsonkhano. Yankho limaperekedwa mwaulemu wonse, mpando utaperekedwa: "Pepani a nduna, mfundo zonse a mfumu azilandira m'lipoti, koma mayina tinalonjeza kwa eni ake kuti sitidzapereka, ndipo lamulo silitilola." Lamulo la Access to Information la 2023 limalola nzika kupempha zikalata za boma, koma silitsegula zinsinsi za munthu wina. Tikangopereka dzina limodzi, msonkhano wotsatira amayi adzakhala chete, ndipo boma lidzalemba ndondomeko pa mawu a anthu ochepa olimba mtima.

Lachisanu timayankha eni zinsinsi. Munthu ali ndi ufulu woona zimene tinalemba za iye, kukonzetsa cholakwika, kapena kubweza chilolezo chake. Akaimba foni, timatsimikiza kaye kuti ndi iyedi, kenako nambala ija imatitsogolera kufomu yake ndi mawu ake. Mafoni ndi timakadi ta ofunsa timaziyang'ana ndi kufufuta zotsalira, osaiwala chikwama cha zofufutidwa chimene chimasunga zithunzi masiku angapo.

Mafomu satayidwa lipoti likangotuluka, pakuti lamulo limati asungidwe kwa chaka chimodzi kapena kuposerapo ntchito yake itatha, ndipo zikalata za boma siziwonongedwa popanda kutsata malamulo a National Archives of Zambia. Tsiku loyenera kuwononga timalilemba pachikuto cha bokosi lililonse. Likafika, mapepala amadulidwa m'makina kapena kutenthedwa mpaka phulusa pamaso pa anthu awiri, chifukwa pepala longoponyedwa m'bini limakapezeka kumsika litakulunga vitumbuwa, nambala ya reji ili poyera. Awiriwo amasayina m'buku nambala ya bokosi, kuchuluka kwa mafomu ndi tsiku.