Loweruka la ku Mtunthama

Ndinanyamuka pa depoti ya Kasungu dzuwa lisanakwere, pa minibasi yolowera kum'mawa, chifukwa agogo aamuna anali atanditumizira uthenga kawiri kuti ndipite ku Mtunthama ndikawathandize kuwerengetsa ndalama za soya ndi mtedza zimene anagulitsa kwa mavenda mwezi watha. Kunja kunali chisanu cha Julayi, ndipo m'minda ya m'mbali mwa msewu munangotsala mapesi ndi zigafa zopanda fodya.

Ntchito ya ndalamayo sinatitengere nthawi, pakuti agogo anali atalemba kale zonse m'kope lakale la mdzukulu wawo wina. Titamaliza kudya nsima ya nkhwani wotendera, iwo anatenga ndodo nati, "Mdzukulu wanga, tiye tikawongole miyendo, ukaone kumene ndinasiya mphamvu zanga." Ndinadziwa kuti akunena za Kamuzu Academy, chifukwa iwo anali mmodzi mwa anyamata amene ankaponda matope ndi kusenza njerwa pamene sukuluyi inkamangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1970.

Tikuyenda, anandikumbutsa chifukwa chimene sukulu yotereyi inadzamangidwira kumudzi kuno osati ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Dr. Hastings Kamuzu Banda anayambira maphunziro ake pa kasukulu ka mishoni ka pa Mtunthama, pansi pa mtengo wa kachere, asanapite ku Chilanga ndipo kenako n'kuyenda wapansi kunka ku Rhodesia ndi ku Joni. Atakhala mtsogoleri wa dziko anafuna kuti pamalo pomwepo pakhale sukulu yofanana ndi za ana a anthu olemera ku Mangalande, ndipo anaitsegula mu Novembala 1981. Agogo amakumbukira bwino fumbi la magalimoto a tsikulo ndi amayi a mbumba amene anavina kuyambira m'mawa. Za mawu amene analankhulidwa pamwambowo akuti sanamvepo kanthu, chifukwa anali m'Chingerezi ndipo iwo anaima kutali.

Tinaima chapatali ndi chipata, pamene munthu amatha kuona nyumba za njerwa zofiira ndi kapinga wosamalidwa bwino ngakhale m'nyengo ino youma. M'zaka zoyambirira ana ankasankhidwa kuchokera m'maboma onse a dziko lino malinga ndi nzeru zawo, ankaphunzira osalipira kanthu, aphunzitsi anali azungu, ndipo mwana aliyense ankayenera kuphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Atolankhani akunja anaipatsa dzina loti Eton ya mu Africa, poifanizira ndi Eton, sukulu yotchuka ya ku Mangalande. Zinthu zinatembenuka Dr. Banda atagonja pa chisankho cha 1994 ndi kumwalira mu 1997, pakuti thandizo limene linkachokera kwa iye linatha, ndipo sukuluyi inayamba kudalira fizi ya makolo kuti isatsekedwe. Lero ana ake amalemba mayeso a Cambridge m'malo mwa MSCE imene ana athu ambiri amalemba.

Chimene chinandigwira mtima ndi momwe agogo amaonera mbiri yonseyi. Kwa iwo sukuluyi inatukula Mtunthama kudzera m'malipiro, osati m'makalasi. Anandiwerengera pa zala anthu a m'midzi yozungulira amene anakhala alonda, ophika, ochapa zovala, otchetcha kapinga ndi akalipentala, ndipo anati malata oyamba m'mudzi mwathu anagulidwa ndi ndalama za kumeneko. Anthu olandira pakutha pa mwezi atachuluka, magolosale anatsegulidwa, zigayo zinabwera, amayi anayamba kugulitsa tomato ndi mandasi, ndipo malo amene kale anali tchire ndi minda anasanduka msika. Ine ndikuona kuti akunena zoona, ngakhale kuti fodya wa m'maesiteti a ku Kasungu naye anathandiza kukokera anthu kuno, chinthu chimene agogo sakonda kuchivomereza chifukwa anagwirapo utenanti chaka chimodzi n'kubwerako ndi ngongole.

Ndinawafunsa ngati sizinawawawe kuti anamanga makalasi amene ana awo asanu ndi mmodzi sanalowemo. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Mmisiri sagona m'nyumba iliyonse imene wamanga, koma mtima umafunabe." Anawonjezera kuti chimene chinasintha kwenikweni moyo wa adzukulu awo ndi pulayimale yaulere ya 1994, pamodzi ndi sukulu ndi chipatala cha St Andrew's zimene mpingo wa Anglican unamanga pano pambuyo pake, chifukwa tsopano amayi oyembekezera sachitanso kukwera ngolo kapena njinga ulendo wautali kukafuna thandizo. Anatchulanso William Kamkwamba wa kufupi ndi ku Wimbe, amene anasiya sekondale chifukwa chosowa fizi m'nthawi ya njala ya 2002 koma anapanga makina amphepo opangira magetsi kuchokera ku zitsulo zotayidwa. Agogo amamunena monyadira ngati mwana wa pakhomo pawo, ngakhale sanaonanepo naye.

Pobwerera tinadutsa pamsika, pomwe anyamata a kabaza anali atandanda kudikira antchito oweruka. Agogo anagula usipa wa ndiwo zamadzulo, ine ndinalipira, ndipo anandikakamiza kunyamula kathumba ka mtedza kopita kwa amayi. Minibasi yomaliza inachedwa kudzaza, moti ndafika kuno ku Kasungu mdima utagwa, mapazi ali ofiira ndi fumbi.