Malita anayi a pamsewu wa C14

Ndamanga tenti m'chipululu cha Namib, ku Namibia, pafupi ndi mlatho wa mtsinje wa Kuiseb, umene panopa ndi mchenga wokhawokha, ndipo ngakhale thupi lonse likuphwanya, tulo takanika chifukwa cha mawu amene bambo ena andiuza masana.

Galimoto yawo inandipeza nditagwada m'mbali mwa msewu, ndikumanga bawuti ya keliyala ya njinga yanga imene inamasuka. Msewu wa C14 ndi wamiyala, ndipo matayala a magalimoto anaukumba mizeremizere ngati lata, moti chilichonse chomangidwa panjinga chimagwedezeka mpaka kumasuka, manja nawo amachita dzanzi pahandulo. Bambowo, a ndevu zoyera, anayamba ayang'ana zigubu zanga asanandipatse n'komwe moni.

"Achimwene, mwatsala ndi madzi ochuluka bwanji?"

Ndinawayankha kuti malita asanu. Anafunsa kumene ndachokera, ndipo nditatchula tawuni ya Walvis Bay anapukusa mutu, chifukwa kuchokera kumeneko kukafika ku Solitaire, kamudzi kamene ndikulowera, ndi makilomita pafupifupi 230 opanda golosale kapena mpopi, ndipo ngakhale malo ogona a m'paki ya Namib-Naukluft, monga Vogelfederberg kumene ndinagona, alibe madzi. Anandipempha kuti tikweze njinga kumbuyo, koma ndinakana mwaulemu. Sanakakamire. Anatsegula bokosi lawo loziziritsira, n'kundithirira malita anayi, ndipo potseka chigubu ananena modekha kuti, "Inu apanjinga mumati mukuyenda panokha, koma madzi athuwa mumawawerengera musananyamuke."

Ndinathokoza, ndinaseka pang'ono, iwo n'kupita, fumbi lawo n'kundikuta. Kupsa mtima kunabwera pambuyo pake, ndikukankha njinga pamchenga, ndipo ndinayamba kuwayankha mumtima mayankho amene sanandibwerere pa nthawi yake. Ndinkafuna kuwauza kuti lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, kuti ndinanyamuka ndi malita 16 pamwamba pa tenti, chitofu, chakudya ndi machubu apadera, ndiponso kuti munthu wokhala pachiwongolero sangadziwe mmene katundu wotere amalemerera pachitunda mphepo yotentha ya kum'mawa ikukuwomba kumaso.

Madzulo ano ndatsegula kabuku kanga, ndipo masamu anga omwe andiyalutsa. Ndinalemba kuti ndizimwa ndi kuphikira malita 6 patsiku kwa masiku atatu, kutanthauza malita 18, koma ndinanyamula 16. Awiri otsalawo sindinawaiwale ayi. Ndinangowasiya m'manja mwa munthu wosamudziwa amene ndinkakhulupirira kuti aima, ndipo sindinafune kuzilemba zimenezo. Komanso masiku atatuwo akuoneka kuti akhala anayi.

Mwina n'kutopa kumene kukundichititsa kuti ndizitengere pamtima chonchi. Chiyambire ulendowu sindinalankhule ndi munthu kwa nthawi yopitirira mphindi khumi, ndipo m'chipululu mawu amodzi amakhala m'mutu tsiku lonse popeza palibe ena owachotsa. M'mawa uja, kapena linali dzulo, nkhungu yochokera kunyanja ya Atlantic inanyowetsa tenti yonse, ndipo ndinapukuta madontho ndi kansalu n'kufinyira m'kapu, ndikudzitama kuti ndikukhala monga zamoyo za kuno zimakhalira. Madziwo sanakwane ngakhale theka la kapu.

M'chigwa chomwechi munabisala akatswiri awiri a miyala ochokera ku Germany, Henno Martin ndi Hermann Korn, amene mu 1940 anathawa kuopa kutsekeredwa pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Anakhala m'chipululu zaka zoposa ziwiri, akusaka nyama ndi kumwa m'zithaphwi za m'matanthwe, mpaka Korn atadwala mu 1942 m'pamene anatuluka kukafuna thandizo. Ndikawaganizira ndimachita manyazi ndi kudandaula kwangaku, ngakhale kuti mtima sukukhazikikabe.

Tiyi amene ndamwa usiku uno ndaphikira madzi a bambo aja, ndipo dzina lawo sindinafunse. Mawa ndiyenera kukwera kutuluka m'chigwa muno dzuwa lisanatenthe, kenako kutsika ndi kukweranso pa chigwa cha mtsinje wa Gaub. Ndatsala ndi malita asanu ndi theka. Ndikadzamva galimoto kumbuyo, sindikudziwa ngati ndidzakweze botolo m'mwamba kapena ndidzangoweramira pahandulo kuti idutse.